Maluwa a Pansalu ndi Mthunzi wa Chipewa

Mawu oti tiwerenge: Mateyu 6:25-34, Yakobo 2:1-9, Machitidwe a Atumwi 9:36-42

 Tiyamike Mulungu amene watiwolotsa m'miyezi yozizira ija ya Juni ndi Julaye, ndipo watifikitsa ndi moyo m'nyengo ino ya chilimwe.

Majuzi ndi mabulangete tapinda, tawabwezera m'sutikesi. Nyenje zayamba kulira m'mitengo, ndipo mitengo ya jakaranda ya m'misewu ya ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe yavala maluwa ake. Anzathu a kunyanja ndi a ku chigwa cha Shire ndiwo akudziwa bwino ukali wa dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pakuti ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Koma nyengo yomweyi ndi ya zikondwerero: zinkhoswe, maukwati, Ulimbitso wa ana athu, Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, kenaka Adiventi ndi Khirisimasi. Atelala sakuona tulo masiku ano. M'misika zitenje za maluwa zapachikidwa mpaka kudenga, ndipo pa mulu wa kaunjika amayi tikupikisana kusankha madiresi opepuka ndi zipewa.

Pa chifukwa ichi taona kuti n'koyenera kuti tikambirane za kavalidwe. Mwina wina anena kuti nkhani ya madiresi ndi zipewa ndi yaing'ono, yosayenera kudya malo m'kalata ya mpingo. Ifenso tinkaganiza chimodzimodzi, kufikira tsiku limene chitenje cha maluwa ndi chipewa choyera zinabweza mnzathu pakhomo la tchalitchi. Nkhaniyo tiifotokoza kutsogoloku. Koma tiyambe ndi Mawu a Mulungu.

Mwini maluwa ndi Mulungu

Pali chiphunzitso china chimene chimamveka ngati chauzimu, chonena kuti mayi wopemphera ayenera kuoneka ngati namfedwa chaka chonse. Chiphunzitso chimenechi sitichipeza m'Baibulo. Telala woyamba amene timamva za iye ndi Mulungu mwini. Pa Genesis 3:21, Adamu ndi Hava atachimwa, atadzisokerera masamba amene sakanachedwa kufota, Mulungu anawakonzera zovala za zikopa, nawaveka asanawatulutse m'munda muja. Pa Eksodo 28 Mulungu analamula kuti Aroni asokeredwe zovala zaulemu ndi zokongola, za ulusi wa buluu, wa pepo ndi wofiira, ndi kuti m'mphepete mwa mkanjo wake apetemo zipatso za makangaza. Mayi wanzeru wa pa Miyambo 31 amaluka nsalu, amaveka banja lake lonse, iye mwini amavala zabwino, ndipo dzanja lake lomwelo limafikira aumphawi. Lidiya, amene anabatizidwa ku Filipi monga tiwerenga pa Machitidwe 16, anali mayi wa geni ya nsalu zamtengo wapatali, ndipo nyumba yake inasanduka pokumanira abale.

Tsono pa Mateyu 6, Ambuye Yesu pofuna kuchiritsa anthu nthenda yodera nkhawa chovala, anawalozera maluwa akutchire. Ku Galileya maluwa amenewa amaphuka m'mapiri cha mu Febuluwale mpaka Epulo, nthaka itamwa mvula ya nyengo yozizira. Mphepo yotentha ikaomba amauma msanga, ndipo amayi ankawazula pamodzi ndi udzu kukasonkhera moto wophikira buledi. Komabe Ambuye anaika duwa limodzi lotere pamwamba pa zovala zonse za mfumu Solomoni. Ifenso kwathu kuno timaziona. Tchire likapsa, pa lupsa lakuda bii, mvula ya chizimalupsa isanagwe n'komwe, timaluwa timatuluka m'phulusa popanda wotithirira. Munthu wojambula maluwa a pachitenje amangokopera ntchito ya Mlengi.

Choncho mayi amene wavala diresi la maluwa lochapa bwino, ndi chipewa kapena duku lomukhala, sanalakwire Mulungu. Koma taonani zinthu ziwiri pa duwa lakutchire lija. Silikongola ndi ngongole, ndiponso silichititsa manyazi duwa linzake limene lamera pambali pake.

Apa ndi pamene mawu a atumwi amalowera. Pa 1 Timoteo 2:9-10 ndi pa 1 Petro 3:3-4, Paulo ndi Petro akuchenjeza amayi za tsitsi lolukidwa mwachionetsero, golide, ngale ndi zovala zodula. Kawirikawiri mavesi amenewa timawatsegula pofuna kudzudzula atsikana za kufupika kwa siketi. Koma tikawerenga modekha, tiona kuti atumwi akunenanso za mtengo wa chovala. M'mipingo yoyamba ija Akhristu ankasonkhana m'nyumba za anthu, ndipo mkazi wa munthu wolemera ankakhala m'chipinda chimodzi ndi kapolo wamkazi. Wolemerayo akabwera atadzikundikira chuma chake chonse pathupi, kapolo uja akanamva bwanji kuti iyenso ndi mlongo pa gome la Ambuye? Mavesi amenewa tsono akulankhula ndi ife amayi akuluakulu amene tili ndi kangachepe m'thumba, asanalankhule ndi ana athu.

Nzeru pang'ono za kavalidwe m'chilimwe

Popeza kuvala bwino si tchimo, tiyeni tigawane nzeru zothandiza kuti tivale bwino popanda kuwononga ndalama.

Choyamba ndi nsalu. M'nyengo yotentha palibe yoposa ya thonje, lomwe alimi athu amalima ku Chikwawa, Balaka, Salima ndi Karonga. Thonje limamwa thukuta ndipo limalola mphepo kudutsa, pamene poliyesita ndi nayiloni zimatsekera kutentha pathupi. Zitenje zambiri zotsika mtengo za masiku ano zimawala m'maso koma si za thonje. Pogula, finyani ngodya ya nsalu m'dzanja: ya thonje imatsala ndi makwinya, ya poliyesita imawongoka nthawi yomweyo. Mukafika kunyumba mukhoza kusolola kaulusi ndi kukayatsa ndi machesi. Ka thonje kamapsa n'kusiya phulusa, pamene ka poliyesita kamasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Ichi n'chifukwa chake si bwino kuvala nayiloni pophika pa mafuwa ku ukwati kapena ku maliro, chifukwa ikagwira moto imamatirira pakhungu.

Chachiwiri ndi kasokedwe. Chitenje chatsopano muyambe mwachichapa musanapite nacho kwa telala, pakuti thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba. Uzani telala asoke mopatsa mpata kuti mphepo iziyenda, ndipo asaike layiningi ya nayiloni m'kati mwa diresi la thonje, chifukwa potero ubwino wonse wa thonje lija watha. Nsalu yopepuka muiyang'anitse kudzuwa: ngati dzanja likuonekera kuseri kwake, pakufunika pitikoti. Mukachapa, yanikani pamthunzi mutatembenuza, kuti maluwa asasuluke.

Chachitatu ndi kagwirizanitsidwe ka mitundu. Maluwa akuluakulu amafuna mnzake wofatsa. Siketi kapena chitenje chikakhala cha maluwa aakulu, bulauzi ikhale ya mtundu umodzi, ndipo mtunduwo muutenge pa duwa limodzi la pachitenjepo. Duku kapena lamba wa chipewa atengenso mtundu womwewo. Diresi likakhala la maluwa kuyambira m'khosi mpaka kumiyendo, chipewa chikhale chopanda zokometsera zambiri. Kansalu kotsala kwa telala musakasiye: mukakakulunga pa chipewa cha mlaza chogula pamsewu, chipewacho chimaoneka ngati chinasokedwa pamodzi ndi diresi, ndipo ndalama yanu yathandiza mmisiri wa kwathu konkuno.

Chachinayi ndi chipewa chenichenicho. Ntchito yake yoyamba ndi mthunzi. Chipewa chothandiza ndi cha khonde lozungulira mutu wonse, lotambalala masentimita 7 kapena 8, ngati zala zinayi, kuti liphimbe nkhope, makutu ndi khosi. Dzuwa limapweteka khungu kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo. Ndipo amayi obereka, tikavala chipewa tikumbuke kuti kamutu ka mwana kumsana kali padzuwa. Kafunikanso kachipewa kapena ambulera.

Koma chipewa chomwecho, chimene panja ndi mthunzi, m'tchalitchi chikhoza kukhala chotchinga. Mayi wa chipewa chachikulu akakhala kutsogolo, anthu atatu a kumbuyo kwake saona guwa. Pogwada kuti alandire Ukaristia, wansembe amavutika kufikitsa chikho pakamwa chifukwa nkhope yabisika. Mankhwala ake ndi apafupi: kukhala chakumphepete kwa benchi ndi kukweza khonde la chipewa pofika kuguwa. Koma mfundo imeneyi tiisunge mumtima, pakuti ndiyo phata la uthenga wathu. Chovala chilichonse chimene tavala chimapatsa mnzathu mthunzi, kapena chimamutchingira guwa.

Kodi chipewa cha kutchalitchi chinachokera kuti?

Ena mwa ife timakangana ngati mayi wa Chikhristu ayenera kuvala duku kapena chipewa, kapena ngati n'kololedwa kulowa m'tchalitchi mutu uli pamtunda. Mbiri ikhoza kutithandiza kuti tisakangane mopitirira muyezo.

Amishoni a UMCA amene anafika ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie, ndi ena amene anakhazikika ku Likoma pambuyo pake, anachokera ku England kumene mayi waulemu wake sankatuluka pakhomo popanda chipewa. Kutchalitchi mwambowu ankaulimbitsa ndi mawu a Paulo a pa 1 Akorinto 11. Koma mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati ndipo zovala zikusowa, Maakibishopu a ku Canterbury ndi York analengeza kuti mayi asaope kulowa m'tchalitchi chifukwa choti alibe chipewa. Atsogoleri aja anaona kuti n'kwabwino mayi afike pamaso pa Mulungu mutu uli pamtunda kusiyana ndi kuti akhale kunyumba.

Nacho chitenje, chimene timachiyesa chathuchathu, chinayenda ulendo wautali. Luso lojambula nsalu ndi phula ndi la anthu a pachilumba cha Java ku Indonesia. Anthu a ku Netherlands analitengera m'mafakitale awo m'zaka za m'ma 1800, nsalu zawo zinakondedwa kumadzulo kwa Africa, ndipo kuchokera kumeneko zinafalikira mpaka kuno. Madiresi a maluwa a pa kaunjika nawonso ambiri ndi amene azimayi a maiko a kumpoto anavala m'chilimwe chawo cha Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene ife timakhala tikuwotha moto. Mafashoni amayenda, amasintha, amatha. Duku ndi labwino, chipewa ndi chabwino, koma palibe mwa ziwirizi chimene chili sakramenti.

Chimene sitiyenera kuiwala ndi chiyambi cha bungwe lathu. Mary Sumner, mkazi wa wansembe wa parishi ya Old Alresford m'dayosizi ya Winchester, anayambitsa Mothers' Union mu 1876. Pa msonkhano woyamba anaitana amayi a parishi yonse, olemera ndi osauka omwe, kuti akhale pamodzi m'nyumba mwake, chinthu chimene sichinali chozolowereka ku England masiku amenewo. Mbiri imati anagwidwa ndi mantha kotero kuti amuna awo ndiwo analankhula m'malo mwake tsiku limenelo. Bungwe lathu linabadwa pofuna kuti mayi wa chipewa chodula ndi mayi wa chipewa chakutha akhale pa mpando umodzi. Yunifolomu yathu ya buluu ndi yoyera ili ndi ntchito yomweyo: tikaivala, mkazi wa bwana ndi mayi wogulitsa tomato amaoneka chimodzimodzi.

Tsiku limene tinabweza mnzathu

Tsopano tiulule kulakwa kwathu. Chaka china, m'parishi ina imene sitiitchula dzina, ife a komiti ya amayi tinagwirizana kuti pa Misa yothokoza ya Tsiku la Anakubala tisavale yunifolomu. Tinati tonse tisoketse chitenje chimodzi cha maluwa achikasu, ndipo aliyense apeze chipewa choyera. Ambiri anaomba m'manja. Amene anangokhala chete tinawayesa kuti avomera.

Lamulungu lija linafika, ndipo kunena zoona tinakongola. Anthu anatijambula zithunzi. Koma pa ndawala yopita ndi zopereka kuguwa tinaona kuti nyimbo ikuchedwa kuyamba, chifukwa mayi amene ankatiyambitsira nyimbo panalibe. Mayi ameneyu ndi wamasiye, akulera zidzukulu zitatu zamasiye. Ndiye ankayamba kufika pa maliro alionse ndi mtolo wa nkhuni pamutu, ndiye ankasesa tchalitchi Loweruka.

M'kati mwa sabata awiri a ife tinapita kukamuona. Titapatsana moni tinafunsa kuti, "Amayi, tinakusowanitu Lamulungu lija. Kodi munadzuka ndi m'thupi?"

Iwo anaseka pang'ono nati, "Iyayi amayi, sindinadwale. Ndinabwera ndithu. Ndinafika pa mtengo wa mango uja wa kuseri kwa tchalitchi. Nditaona mmene munakongolera, ndinadziyang'ana, ndiye ndinati ndisakawonongere anzanga chithunzi. Misa yonse ndinaimvera pomwepo. Koma kulandira kokha ndiye sindinalandire."

Tinasowa chonena. Mwezi wa Okutobala ndi umene chimanga chimayamba kuchepa m'nyumba zambiri, ndi umene anthu amasakasaka ndalama ya feteleza ndi mbewu, ana atangotsegulira sukulu. Ife zonsezi tinkazidziwa, koma pa msonkhano uja sitinaziganizire. Pambuyo pake tinamvanso kuti mwa amene anavala chitenje chija, wina anagulitsa thumba la chimanga, ndipo wina anakatenga katapila, ngongole imene inadzetsa mkangano m'banja mwake mpaka Khirisimasi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chija chinali chokongola, koma m'kati mwake munali misozi.

Yakobo 2:1-9 akufotokoza za anthu awiri olowa mu msonkhano wa Akhristu, wina wa mphete yagolide ndi zovala zonyezimira, wina wa nsanza. Woyambayo apatsidwa mpando wabwino, wachiwiriyo auzidwa kuti aime chakutali kapena akhale pansi. Yakobo akuti kuchita zotere n'kudzisandutsa oweruza a maganizo oipa, ndiponso ndi tchimo. Ife tikanatha kudzikanira kuti palibe amene anauza mayi uja kuti aime pa mtengo wa mango. Pakamwa pathu sipanatuluke mawu otere. Koma chitenje chathu ndi zipewa zathu zinamuuza, ndipo iye anamva.

Njira ina yotsekera anthu pakhomo

Pali njira yachiwiri imene timatsekera nayo anthu kunja, ndiyo kuweruza kavalidwe ka atsikana ndi amayi achitsikana. Ambiri a ife tinakula pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo. Lamulolo linachotsedwa pamene dziko lathu linkalowa m'ndale za zipani zambiri, koma mtima wa upolisi unatsalira mwa anthu ena. Tikukumbuka manyazi a mu Januwale 2012, pamene anyamata ena m'misika ya m'mizinda yathu anavula akazi pagulu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo. Palibe chovala chimene chimapatsa munthu ufulu wogwira thupi la mwana wa mwini.

Ife sitivula munthu pamsika, koma maso athu ndi manong'onong'o athu pa benchi amatha kuvula mtsikana ulemu wake. Alipo atsikana amene anasiya kubwera kutchalitchi chifukwa tsiku lina mayi wina anawaponyera chitenje pamaso pa anthu. Kudzilemekeza pa kavalidwe n'kofunika, ndipo Tito 2:3-5 akutipatsa ife amayi aakulu udindo wophunzitsa aang'ono. Koma mphunzitsi amayamba wapanga ubwenzi. Muitaneni mwanayo kunyumba, mudye naye, mumve za moyo wake, mwina mupeza kuti siketi imene mukuidandaulayo ndi yokhayo imene ali nayo, ndipo anaigula asanatalike. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Malangizo onenedwa kuseri mwachikondi amamveka, pamene chidzudzulo cha pagulu chimangothamangitsa.

Chipewa chopulumutsa moyo

Pa Machitidwe 9:36-42 tikumva za Tabita, wotchedwanso Dorika, wa ku Yopa. Atamwalira, amayi amasiye anamuzungulira Petro akulira, namuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka akali moyo. Baibulo silitiuza kuti Dorika ankavala chiyani. Chimene chinakumbukika ndi chimene anaveka ena.

Pakati pathu pali abale ndi alongo amene kwa iwo chipewa si chokometsera konse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000. Khungu lawo lilibe melanini wokwanira, chinthu chimene chimadetsa khungu ndi kuliteteza kudzuwa. Mwana amabadwa wachialubino pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi mbewu yake m'magazi, ngakhale iwo eni akhale akuda. Choncho kuloza chala mayi yekha, monga amachitira achibale ena, ndi umbuli ndi nkhanza. Kuyambira 2014 dziko lamva zambiri za kuphedwa ndi kubedwa kwa abale athuwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, ndipo mpingo uyenera kupitiriza kudzudzula zoipazi. Koma pali mdani wina amene amapha mwakachetechete, ndiye khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa. Imayamba ngati tizilonda tosapola pankhope, m'makutu, pamilomo ndi pakhosi, ndipo yatenga ambiri asanakalambe.

Zoteteza zake n'zodziwika: chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza kudzuwa, magalasi a dzuwa, kupewa ntchito za padzuwa masana, ndi kuthamangira kuchipatala kachilonda kakangooneka. Amayi, mwa zimenezi, chipewa ndi malaya zili m'manja mwathu. Nthambi zambiri zili ndi makina osokera, ndipo kumene kulibe, singano ilipo. Nsalu ya thonje yolukana kwambiri, yopindidwa kawiri, imatulutsa chipewa cha khonde cholimba, ndipo cha mwana chiikidwe kachingwe ka pachibwano kuti chisauluke posewera. Amayi amene muli m'makomiti a sukulu, kambiranani ndi aphunzitsi kuti mwana wachialubino aziloledwa kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali pamodzi ndi yunifolomu, ndiponso azikhala kutsogolo m'kalasi popeza maso ake saona patali. Tisadikire pa 13 Juni, tsiku limene dziko lonse limakumbukira anthu achialubino. Dzuwa loopsa ndi la mwezi uno.

Ndalama imene tinawononga pa zipewa zoyera zija, zimene zambiri tinavala kamodzi kokha n'kuziika pamwamba pa kabati, ikanaveka ana angati?

Zoti tichite

M'parishi ija tinapepesa kwa mayi uja, ndipo Lamulungu lotsatira anatiyambitsiranso nyimbo. Titakambirana ndi Abambo a parishi, tinamanga mfundo zimene tikuzipereka kwa inu kuti muziganizire m'nthambi zanu.

Choyamba, pa Misa ndi pa misonkhano ya bungwe, yunifolomu yathu ndi yokwanira. Pasakhale chovala china chokakamiza.

Chachiwiri, ngati pa ukwati kapena pa chikondwerero china tafuna kufanana, tigwirizane mtundu wokha, monga wachikasu kapena wobiriwira, kuti aliyense avale chimene ali nacho kale. Ngati n'chitenje chimodzi, thumba la nthambi liyambe lagulira amasiye ndi okalamba, mwakachetechete, dzanja lamanzere lisadziwe.

Chachitatu, pomanga mfundo yokhudza ndalama, atsogoleri tisatenge kukhala chete ngati kuvomera. Tifunse amayi mmodzimmodzi kumbali, pakuti umphawi suimika dzanja pa msonkhano.

Chachinayi, mayi aliyense atsegule sutikesi yake. Diresi limene lapitirira chaka osavalidwa lili ndi mwini wake wina. Liperekedwe lochapa ndi losita, monga mphatso ya kwa mlongo. Kupatsa n'kuika.

Chachisanu, nthambi iliyonse idziwe mabanja a m'dera lake amene ali ndi munthu wachialubino, a mpingo wathu ndi a mipingo ina ndi Asilamu omwe, iwayendere, ndipo isoke zipewa Adiventi isanafike.

Amayi anzathu, valani maluwa anu mokondwa m'chilimwe chino. Mangani maduku anu bwino, valani zipewa zanu, pakuti Atate wathu amene amaveka tchire sakondwera ndi ana osasamba. Koma mukaima pa galasi Lamulungu m'mawa, mutaona kuti mitundu yagwirizana, dzifunseni funso linanso: kodi alipo amene chovala changachi chimuimitse pa mtengo wa mango? Paulo pa Akolose 3:12-14 akutiwerengera zovala za anthu osankhidwa a Mulungu, ndipo zonse ndi za mumtima: chifundo, kukoma mtima, kudzichepetsa, kufatsa ndi kuleza, chikondi n'kukhala lamba womanga zonsezo. Zimenezi sizisuluka ndi dzuwa, ndipo mayi wosauka kwambiri m'parishi akhoza kutiposa tonse pozivala.

Mafunso okambirana m'nthambi

1. Kodi m'chaka chapitachi tinagwirizanapo chovala kapena chopereka chimene ena anachilephera? Tinadziwa bwanji, ndipo tinachitapo chiyani?
2. Ndi amayi kapena atsikana ati amene asiya kuoneka pakati pathu? Ndani apite kukawaona sabata ino?
3. Tili ndi nsalu, makina ndi manja angati oti n'kusoka zipewa za khonde, ndipo tiyamba liti?

Pemphero

Atate wakumwamba, Inu amene mumakongoletsa tchire lopsa ndi maluwa, tikuthokozani chifukwa cha thonje la m'minda yathu, manja a atelala athu ndi mitundu yonse yokondweretsa maso. Tikhululukireni pamene kukongola kwathu kunachititsa mnzathu manyazi, ndi pamene maso athu anathamangitsa mwana wanu pakhomo la nyumba yanu. Tetezani abale ndi alongo athu achialubino ku dzuwa ndi kwa anthu oipa. Tipatseni mtima wa Dorika, kuti tikadzachoka pansi pano adzapezeke otionetsera zimene tinawaveka. Tikupempha izi kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.